Tiwonge Anathamangira Kumoto ndi Ndowa

Zopita ku Joni ndinaziganiza ndili m'munda, tsiku limene ndinakolola chimanga chosadzaza ngakhale ngolo imodzi. Mwamuna wanga anali atamwalira chaka chapitacho. Ankacheka matabwa ku Luwawa, chifuwa chinamugwira, chinamudya pang'onopang'ono mpaka anatsirizika kuchipatala ku Embangweni. Anandisiyira ana awiri, Wezi ndi Vitumbiko, ndi nyumba yodontha pamudzi pa a Shaba kumene ndinakwatiwa. Ndinaima pakati pa mapesi n'kuona kuti chimangacho sichifika ngakhale mvula yoyamba. Ndinapemphera pomwepo, kenako ndinapita kukamuuza mlamu wanga Tiwonge kuti ndavomera kupita naye.

Tiwonge anali mlongo wa mwamuna wanga, mzime m'banja mwawo. Anali atakhala kale ku Joni zaka zingapo, ndipo nthawi imeneyo anali atabwera kudzaona amayi ake. Anali wamtali, woseka mokweza, wosatha kukhala pansi manja ali chabe. Ine ankanditcha Abusa chifukwa cha kupemphera kwanga.

"Abusa, mwapempherera mvula, mwapempherera feteleza, tsopano tiyeni mukapempherere kutsogolo," anatero. "Ntchito yake ndi kusesa ndi kulongedza basi. Kapena tsache nalonso limafuna satifiketi?"

Kwathu kuno ana ndi a kuchimuna. Ng'ombe zinaperekedwa kwa makolo anga, ndiye Wezi ndi Vitumbiko ndi a Shaba, ine ndine wobwera. Ndinakagwada pakhomo pa apongozi anga, a NyaTembo, mayi wouma mawu, kupempha kuti andisungire anawo.

"Mukundipempha ana anga omwe?" anatero. "Pitani, mkamwana. Mukandiyang'anire wangayo, ali ndi phuma."

"Yewo, amama," ndinatero.

Ku Joni tinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, matiresi amodzi, chitofu cha parafini chimodzi. Kuzizira kwa kumeneko kumaposa kwa ku Luwawa mwezi wa Juni. Malipiro akabwera ndinkachotsa ya chipinda ndi ya ufa, yotsala yonse kumudzi. Chaka choyamba sindinagule nsapato. Kumudzi ndalamayo inagula malata, inagula yunifolomu, inagula feteleza, ndipo ine sindinagonepo ndi njala. Pa zimenezi ndimathokoza Mulungu mpaka lero.

Chovuta chinali Lamulungu. Amalawi tinkabwereka kalasi pasukulu ina n'kumapempheramo, ndipo tikaweruka aliyense ankalowera kwake ndi foni yake. Alamu anga aakulu, a Lameck Shaba, ankajambula mawu a ana n'kunditumizira. Poyamba Vitumbiko ankafunsa tsiku limene ndibwere, kufunsa n'kubwereza. Patapita nthawi ankangoti "Monile," ngati akulonjera mlendo wodutsa, kenako n'kumveka mapazi akuthamanga. Ndinkamvetsera mapaziwo kangapo. Tiwonge ankandilanda foni n'kunena kuti, "Mumaliza batire ndi fumbi la mwana. Bwerani mundiluke tsitsi."

Fakitale imene tinkagwirako inali yaing'ono. Ankasakaniza sopo wamadzi, ankalongedza klorini wa mibulu yoyera wothira m'maiwe osambiramo anthu olemera, ndiponso thinazi, madzi onunkha aja osungunulira penti. Pakhoma pafupi ndi chitseko panali fayilo yofiira yodzaza mapepala. Mankhwala aliwonse anali ndi pepala lake lonena kuopsa kwake. Tiwonge ankati fayiloyo ndi yoonetsa alendo oyendera. Iye anangomusainitsa tsiku lake loyamba, ndipo sanaonepo munthu akuitsegula.

Ine ndinachita mwayi. Kunabwera kapitawo watsopano, mayi wa ku Zimbabwe, tinkamutcha Sisi Sibanda. Tsiku lina anatsitsa fayiloyo, natisonkhanitsa ife olongedza. Tiwonge anali atapita kukazulitsa dzino. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, ndipo Chingerezi cha m'mapepalamo chinali ngati mpanda waminga, koma Sisi Sibanda ankaloza ndi chala n'kumalankhula pang'onopang'ono. Chishona chake chinkamveka ngati Chichewa chochokera kutali.

Anayamba ndi tizithunzi tozunguliridwa ndi mzere wofiira, timene tinalinso pa migolo ndi pa matumba. M'kachithunzimo mukakhala lawi la moto, ndiye kuti chinthucho chimayaka msanga. Thinazi ndi wotero. Sadikira kuti machesi amukhudze. Fungo lake lenilenilo ndi limene limayaka, limakwawa pansi ngati nkhungu mpaka likapeze kamoto patali. Ukathira madzi, iye amayandama pamwamba pa madziwo, moto n'kumayenda nawo kulikonse kumene akupita. Koma lawi likakhala pamwamba pa kanthu kozungulira, ndiye kuti chinthucho chimadyetsa moto. Klorini ndi wotero. Akakhudzana ndi oilo, utuchi kapena nsanza zamafuta, amayamba kutentha yekha mpaka moto kubuka popanda woyatsa. Madzi a m'ndowa samuzimitsa, amangodzutsa mpweya wotsamwitsa. Anationetsa pamene pepala limanena kasungidwe kake, pamene limanena zochita mankhwala akatayika pansi, ndi pamene limatchula zinthu zosayenera kukumana. Pomaliza anatseka fayilo nati, "Ukaona utsi muno, iwe si wozimitsa moto. Fuula, tuluka."

Madzulo ndinamufotokozera Tiwonge zonse, iye atagwira tsaya.

"Abusa, mwayamba kulalika za Gehena wa m'mabotolo tsopano?" anatero. "Moto ndi moto, mlamu. Ine ndinauona ndili kumsana."

Anaseka, pochotsa dzino paja panamupweteka, nayamba kundikalipira kuti ndamuseketseranji. Ndinabwerezanso masiku ena. Ankati wamva.

Mpaka lero mphuno zanga sizimva fungo bwinobwino. Ndiwo zikamapserera ndimadziwa ndi maso. Ndipo pamene ndikulemba izi, zikukhala ngati ndikulemba za mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi. Ndikudziwa zonse zimene zinamuchitikira, koma sindikuzimva m'thupi.

Tsiku limene moto unabuka linali ngati masiku onse. Tinali titangodya chamasana. Zina zimene ndinena apa anazilumikiza ena pambuyo pake. Thumba la klorini linang'ambika, mibulu inamwazika pansi. Chapafupi amakaniko anali atakonza galimoto yonyamula katundu, anasiya nsanza za oilo ndi utuchi umene anathira pamene panadontha. Tiwonge sankatha kuona zinyalala n'kungodutsa. Anasesa zonse mulu umodzi, monga timachitira pabwalo kumudzi, anawolera m'bini imodzi, naikankhira pakona pamene panali migolo ya thinazi. Pansi panayera mbee.

Ine ndinali kumata mapepala pa mabotolo. Ndinamva kanthu kakubaya m'maso, ndinaona utsi woyera ukutuluka m'bini muja, kenako kuthetheka. Ndinafuula, miyendo inanditengera kuchitseko. Nditacheuka ndinaona Tiwonge akudutsana ndi anthu onse, ndowa ya madzi okolopera ili m'manja.

"Tiwonge! Madzi ayi! Tuluka!"

Anacheuka pang'ono. Wina anandikoka dzanja, ndinapezeka panja. Kenako kunamveka kuphulika, ndipo malata a denga anadumpha.

Tiwonge anakhala masiku angapo m'chipatala, atakulungidwa nsalu zoyera thupi lonse. Tsiku lina milomo yake inagwedezeka. Ndinayandikitsa khutu, ndikuyesa ndi uthenga wopita kwa amayi ake. Anati, "Mlamu, mwachotsa zovala pachingwe? Amaba kumene kuja." Ndinati ndachotsa. Mawa lake anapita.

Sindinalire. Ndinasaina pamene ankati ndisaine, ndinakhala pamene ankati ndikhale. Ndinathokoza oyenera kuthokozedwa, ndipo anali ambiri chomene. Amalawi akumpingo anasonkha, ena amene sankamudziwa n'komwe Tiwonge. Eni fakitale anaikapo yawo. Bambo wina wa kwathu ku Mzimba, amene amayendetsa galimoto yonyamula katundu ndi maliro, anavomera kutitenga osadikira kuti ndalama ikwane. Sisi Sibanda anabwera kuchipinda kwathu atanyamula mapepala awiri, la klorini ndi la thinazi, atalemba mizere pansi pa mawu ofunika.

"Kwanu akakufunsa," anatero. "Kwathunso amafunsa."

Mulungu amudalitse mayi ameneyo kulikonse kumene ali.

Bokosi linali lokhomerera, losatsegulanso. Analiika m'ngolo yokokedwa kumbuyo, pamodzi ndi njinga, mafiriji ndi matumba a anthu ena opita kwa abale awo. Tinadutsa Zimbabwe, tinadutsa Tete, tinalowa pa Dedza. Njira yonse ndinkapemphera, koma mawu ankatuluka ngati ndikuwerenga mitengo ya zinthu m'sitolo. Pa Jenda tinapatuka kulowera ku Embangweni, ndipo ndinangoganiza kuti fumbi lidetsa nsalu imene tinaphimba pabokosi.

Galimoto itaima pamudzi, amayi anadzigwetsa pansi ndi kulira. Ine ndinatsika, ndinaima chilili, maso ali gwa. Anthu anaona. Wezi anali atatalika kundifika paphewa, anabwera n'kundigwadira mwaulemu ngati mlendo. Vitumbiko anabisala kumbuyo kwa mlongo wake. Masiku onse a maliro anawo ankagona kwa agogo awo, ndipo m'nyumba yanga ya malata atsopano ndinkagonamo ndekha.

Mawu anali atandipitirira kale pafoni. Wina wa kwathu amene ali ku Joni anatumiza uthenga woti moto unayaka wokha popanda woyatsa, ndipo NyaHara, ndiye ine, anatuluka wopanda ngakhale chipsera. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula ndikafika. Mnzanga wina wakumpingo anandikokera pambali n'kundiuza osabisa.

"Akuti munayamba ndi mwamuna, tsopano mlamu. Akuti malata ajawa si a thukuta."

Ndinati yewo pondiuza. Ndinasenza madzi anga n'kumapita.

Maliro atamwazikana, a Lameck anaitanitsa banja m'mawa pansi pa mtengo pafupi ndi khola la ng'ombe. Amuna anakhala pamipando, ife amayi pamphasa. A Lameck si munthu woipa. Ndi iwo amene ankayenda mpaka pachulu kusaka netiweki kuti ndimve mawu a ana anga. Tsikulo nkhope yawo inali yotopa.

"Mlamu, tiuzeni," anatero. "Moto anayatsa ndani?"

"Palibe, alamu."

"Mbwenu, ndiye kuti unangoyaka wokha?"

"Eya."

Pamphasa panamveka kung'ung'udza. Ndinatulutsa mapepala aja n'kupereka ndi manja awiri. Anavala magalasi, anawerenga nthawi yaitali, chifukwa Chingerezi amachidziwa. Ine ndinafotokoza za lawi, za kanthu kozungulira, za nsanza za oilo, za madzi amene amayendetsa moto m'malo mouzimitsa. Mawu anga anali osalala ngati a wowerenga nkhani pawailesi, ndipo ndinkadziwa kuti kusalala kumeneko kukundipha.

"Zimene akunenazi zalembedwadi," a Lameck anauza anthu. "Klorini ndi oilo sizikumana. Ndamva." Anapinda mapepalawo bwinobwino n'kundibwezera. "Koma pepalali likunena mmene moto unayakira. Silikunena chifukwa chake mwa anthu onse aja unasankha wa kwa Shaba. Ndipo silikunena chifukwa chake inu munali panja, mlamu wanu ali m'kati. Kuno nyumba ikamapsa, munthu amathawa?"

"Ayi, alamu."

"Inu munathawa."

"Ndinathawa."

Anapepesa, anati iwo sakunena kuti ndine mfiti, koma mitima ya anthu yavunduka, ndipo mudzi sungakhale ndi munthu amene anzake akuopa kudya naye. Anati ndi bwino ndibwerere kwa makolo anga kufupi ndi Jenda. Ana atsala, poti ndi a Shaba. Ndinaona Wezi ndi Vitumbiko ataima kuseri kwa nkhokwe akumvetsera. Ndinafunafuna mantha m'kati mwanga, sindinawapeze. Ndinangoti mumtima, Ambuye, mukuona.

Apongozi anga chiyambire maliro anali asanandilankhule. Anakhala kumapeto kwa mphasa, mutu wometa, miyendo yotambasula. Anayamba kulankhula osayang'ana munthu.

"Mkamwana, mwana wanga ananyamula chiyani?"

"Ndowa, amama. Ya madzi."

"Anthu ankathawira kuti?"

"Kuchitseko."

"Iye?"

"Kumoto."

"Munamuitana?"

"Ndinamuitana. Anacheuka."

"N'kupitirira."

"Eya, amama."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira chitenje chake pachingwe cha eni.

"Ndi iyeyo," anatero. "Lameck, ukukumbuka chaka chimene inapsa khitchini ya azakhali ako? Kamtsikana kaja kanaima patali kakulira. Ndinathyola nthambi, ndinakakwapula pamaso pa mudzi wonse. Ndinati mwana wa NyaTembo saonerera moto, amatenga ndowa. Kuyambira tsiku limenelo sanaimenso patali pa chilichonse. Ndinamuphunzitsa bwino, moto wa kuno. Wa ukowo sindinaudziwe. Mukufuna amene anamutuma kumoto? Ali pano. Ndipititseni kwathu ine."

"Amama, musatero," anatero a Lameck.

"Ndatero kale. Uyu akanatenga ndowa nayenso, mwana wanga akanabwera naye ndani? Mabokosi akanakhala awiri. Ana awa ukanalera iwe, amene sutha ngakhale kuvundula phala?"

Ng'ombe ina inalira m'khola. Palibe amene anagamula chilichonse. Bambo wina anadzuka nati akukatsegulira ng'ombe, wina anamutsatira, kenako amayi anayamba kukung'untha zitenje. Kwathu kuno mlandu nthawi zina umatha choncho. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamene anakhala apongozi n'kunena kuti, "Yewo chomene, amama." Anandiuza kuti ndichoke padzuwa.

Sikuti anthu onse anasintha. Kumjigo alipo mpaka lero amene amatsitsa mawu ndikafika. Ku Joni sindinabwererenso. Ndimalima, ndimakagulitsa tomato ku Boma, ndipo ndikaona petulo wa m'mabotolo ali pafupi ndi mbaula ya wokazinga tchipisi, ndimanena. Ena amasuntha mabotolowo, ena amaseka. Ndinachoka kupita ku Joni ndikuyesa kuti vuto la kwathu ndi umphawi wokha. Sindinkadziwa kuti kwathu timayesa chikondi cha munthu poona kumene wathamangira.

Dzuwa litapendeka tsiku la mlandu lija, ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Ndinaona Wezi akubwera atasenza mphasa ndi bulangeti, Vitumbiko ali pambuyo atanyamula nsapato zake m'manja.

"Agogo akuti tizigona kuno," anatero Wezi. "Akuti timawasokosa."

Analowa, anayala, anatulukanso n'kukhala pafupi nane, osati pafupi kwambiri. Wezi anatola nyemba imodzi n'kumaizunguza m'zala.

"Amama, nyumba ikamapsa, ndizithawa kapena ndizitenga ndowa?"

"Uzifuula, ugwire mlongo wako dzanja, mutuluke."

"Anthu sanena?"

"Anena," ndinatero. "Iwe udzatuluke basi."

Anati chabwino, nayamba kundithandiza kusankha. Misozi sinabwere. Koma lichero linayamba kugwedezeka pamiyendo panga, nyemba zikugubuduka, ndipo ndinaona kuti ndi manja anga amene akunjenjemera, koyamba chiyambire tsiku la moto. Wezi anagwira m'mphepete mwa lichero kuti lisagwe. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kunjenjemerako.